Awabweza ndi panado, koma mtima wanga sukukhazikika

Lachiwiri, 13 July 2021, usiku

Mai a Shakira: Abale pepani ndalowa usiku, ndithandizeni nzeru. Mayi anga ali kumudzi, kupitirira Malindi njira ya ku Makanjira. Ali ndi zaka 68. Lachisanu lapitali anayamba kuzizidwa, mutu, kuphwanya m'thupi, kenako kachifuwa kouma. Dzulo mlongo wanga anapita nawo kuchipatala chaching'ono. Malungo sanawapeze. Anawapisa kathonje m'mphuno n'kunena kuti ndi korona. Awapatsa panado basi, ati akakhale kwaokha kunyumba poti akuyenda okha ndipo akupuma bwino. Koma mayiwa ali ndi shuga, ndipo BP anawapeza nayo chaka chatha, mankhwala ake amamwa mwa apo ndi apo. Ndiwasiye konko kapena ndikawatenge abwere kuno ku Mangochi Boma?

Kabaza Original: Kumudzi kulibe korona mayi. Ndi chimfine cha mwera ichi, July uno aliyense akutsokomola. Awiritsireni mandimu ndi jinja, afukize masamba a bulugama, mawa muwapeza akusesa pabwalo. Ife timanyamula anthu kuyambira mbandakucha mpaka usiku, pakamwa pali pululu, koma tili gwa.

Anaphiri a ku Monkey Bay: Mwana iwe uli ndi zaka zingati?

Kabaza Original: 24, bwanji?

Anaphiri a ku Monkey Bay: N'chifukwa chake uli gwa. Amuna anga anali ndi 59. Mai a Shakira, ndilemba bwino mawa, panopa misozi yandidzadza m'maso. Koma musagone tulo nazo zimenezi.

Admin: Tiyeni tidekhe. Pagulu pano tili ndi achipatala. Adokotala, mukadzuka onani uthenga wa Mai a Shakira.

Adokotala: Ndili maso, ndili pa ntchito ya usiku. Mai a Shakira, anzanga amene anawabweza mayi sanalakwitse. Anthu ambiri a korona amachirira kunyumba, ndipo tikati tigoneke aliyense wotsokomola mabedi sangakwane. Koma pa anthu obwezedwawo pali ena amene timayenera kuwayang'anira ndi maso awiri, ndipo mayi anu ali m'gulu limenelo pa zifukwa zitatu: msinkhu, shuga ndi BP. Ndifunseko, buku lawo lakuchipatala anapita nalo? Ananena kuti ali ndi shuga?

Mai a Shakira: Ndangomuimbira mlongo wanga. Akuti buku lakale linanyowa ndi mvula, anagula latsopano pageti. Za shuga sanafunsidwe, iwonso sanatchule.

Adokotala: Apo ndiye pagona nkhani. Mnzanga uja anaona gogo woyenda yekha, buku loyera mbee, mzere wa anthu panja wafika kumtengo wa mango. Iye akanadziwa bwanji? Izi zimatichitikira tonse. Munthu wa shuga amene sananene za shuga timamuwerenga ngati wa chimfine wamba.

Kumbukiraninso masiku. Ngati anayamba Lachisanu, lero ndi tsiku lachisanu. Matendawa kawirikawiri sagwetsa munthu sabata yoyamba. Amene adwale kwambiri amasintha cha pa tsiku la 7 kufika la 10, nthawi zina thupi litasiya kale kutentha, achibale akuti wachira. Ndiye masiku oopsa a mayi sanafike, ayamba Lachinayi lino.

Lachitatu m'mawa

Anaphiri a ku Monkey Bay: Ndabwera monga ndinalonjezera. Bambo a kunyumba anadwala mu January, sabata yomwe ija tinamva pawailesi kuti nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zamwalira tsiku limodzi. Iwo ankagula usipa kudoko n'kumatumiza ku Limbe. Munthu wathupi, wamimba yake, woti akakhala pampando wapulasitiki timachita kuupempherera. Chiyambire sanayezetseko BP kapena shuga, ankati kuchipatala amapita ndi odwala. Koma usiku ankadzuka kanayi kasanu kukataya madzi, ndipo botolo la madzi silinkachoka pambali pawo. Ife tinkati ndi kutentha kwa kunyanja kuno.

Atayamba kudwala tinati malungo. Anagula LA pa kagolosale, anamwa, osasintha. Kuchipatala anawapatsa mankhwala n'kubwerera. Tsiku lachisanu ndi chiwiri anadzuka bwino, anasamba okha, anadya nsima ya chambo mitanda iwiri, mpaka anaimbira anyamata awo kudoko kuwakalipira za ndalama. Ine ndinathokoza Mulungu. Mawa lake ndikuwaona akhala pakhonde, akafuna kuyankhula akuima pakati pa mawu ngati munthu wokwera phiri. Ndikawafunsa akuti ndili bwino, ndangotopa. Sankabuula, sankadandaula. Tinachedwa tsiku lonse chifukwa cha mawu amenewo, ndili bwino. Pomwe tinkafika nawo kuchipatala usiku, kachipangizo kopana chala kaja, koyezera mpweya m'magazi, kanawerenga 71. Shuga atamuyeza, makina anangolemba zilembo m'malo mwa nambala, namwino anati wakwera kupitirira pomwe makinawo amawerenga. Anatha masiku awiri.

Chimandipweteka si koronayo ayi. Ndi shuga amene tinakhala naye m'nyumba zaka, tikumuthirira tiyi wa masupuni anayi, osamudziwa.

Aphunzitsi Opuma: Pepani kwambiri Anaphiri. Mulungu akulimbitseni.

Namwino Nabanda: Pepani mayi. Zomwe mwafotokozazi ndi zomwe tikuona. Mpweya m'magazi umatsika mwakachetechete, wodwala osamva kubanika kolingana ndi mmene watsikira. Chikomekome cha mkuyu. Munthu akuseka nawe, mkati mapapo akulephera.

Kabaza Original: Pepani amayi, sindinadziwe. Komabe ine funso langa lilipo. Bwanji akumwalira ndi mabwana okhaokha? Nduna, abusa otchuka, a mabizinesi. Kwathu ku Chimwala sindinamve kuti wina wafa ndi korona.

Adokotala: Funso lako ndi labwino, ndipo mbali ina ukunena zoona. Dziko lathu ndi la ana. Kalembera wa 2018 anapeza kuti theka la Amalawi sanakwane zaka 18, ndipo ana ndi achinyamata matendawa amawadutsa mopepuka, ambiri osadziwa n'komwe. N'chifukwa chake sitinaone zomwe zinachitika ku Italy, komwe okalamba ndi ochuluka. Komanso kunenepa kwambiri ndi shuga zimapezeka kwambiri m'tauni, kwa anthu okhala pampando tsiku lonse.

Koma mbali inayo ndi iyi: bwana akadwala amayezedwa, akamwalira amalengezedwa pawailesi. Gogo wa ku Chimwala akabanika usiku n'kumwalira m'nyumba, mawa dzuwa lisanapendeke waikidwa, ndipo anthu amati chinali chibayo kapena ukalamba. Ndani anamupisa kathonje? Boma lathu lino la Mangochi lili ndi anthu opitirira 1.1 miliyoni. Oyezedwa ndi kachigawo kochepa zedi.

Ndipo BP si ya mabwana. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi magazi ake amathamanga, kumudzi ndi m'tauni momwe, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Kuno kunyanja onjezerani mchere umene timadya.

Mjoni: Moni nonse kuchokera ku Johannesburg. Kuno zinthu sizili bwino, masitolo akuswedwa ndi kuotchedwa chimangireni Zuma, ndiye tangodzitsekera m'nyumba, ntchito kulibe. Korona nayo yavuta, mtundu watsopanowu wa Delta. Iwe wa kabaza, pa anyamata a kwathu amene tili kuno ambiri tadwala n'kuchira, zoona. Koma mdala wina wa ku Namwera amene tinkagona naye nyumba imodzi tamutumiza m'bokosi mwezi watha. Anali pa ma ARV, koma chibwerereni kuno anasiya chifukwa mapepala ake sanali bwino, ankaopa kupita kukiliniki. Ife tinadziwa atagona kale, titapeza mabotolo opanda kanthu m'chikwama.

Namwino Nabanda: Achimwene a ku Joni mwakhudza pofunika. Za kachilombo anthu akusokoneza. Ena akuti aliyense wa HIV korona ikamugwira wapita, ena akuti ma ARV amateteza ku korona. Zonse ziwiri si zoona. Ku Western Cape, komweko ku South Africa, anawerenga odwala ambirimbiri chaka chatha n'kupeza kuti amene ali ndi HIV chiopsezo chawo chomwalira ndi korona chinali pafupifupi kawiri poyerekeza ndi ena. A TB nawonso chinali chokwera. Koma amene ali pamoto weniweni ndi wosiya mankhwala, kapena wosadziwa kuti ali nako, chitetezo chitatsika. Womwa mokhulupirika, tizilombo titagona, ali pabwino kwambiri kuposa ameneyo. Chonde musadumphe tsiku lokatenga mankhwala poopa korona. Ngati mukudwala tumani wokuyang'anirani apite ndi buku lanu.

Msodzi wa ku Makawa: Nanga ife osuta? Ndikufunsira mnzanga.

Anaphiri a ku Monkey Bay: Mnzanu ameneyo dzina lake ndi inuyo.

Msodzi wa ku Makawa: Hahaha amayi mwandigwira. Panyanja usiku kumazizira, popanda ndudu sungakoke chilimira.

Adokotala: Uzani mnzanuyo kuti mapapo amene akhala akulandira utsi zaka makumi awiri alibe mphamvu yosungira. Korona imamenya mapapo, ndiye funso ndi loti yawapeza ali bwanji. Si ndudu zokha. Amayi owamba nsomba, amene amakhala mu utsi tsiku lonse maso ali psuu. Amayi ophikira nkhuni m'kakhitchini kopanda zenera moyo wawo wonse. Amene anadwalapo chifuwa chachikulu n'kuchira, mapapo amatsala ndi zipsera. Madala athu amene anagwira m'migodi nthawi ya Wenela ndi Theba, ena fumbi la miyala linawakhala m'chifuwa mpaka lero. Onsewa akabwera ndi korona sindiwatenga ngati mnyamata wa kabaza, ngakhale onse awiri alowe akuyenda okha.

Mai a Shakira: Mayi anga awamba nsomba zaka zambiri asanakalambe. Ndiye zifukwa zakwana zinayi tsopano. Adokotala ndichite chiyani kwenikweni? Mlongo wanga ndi amene ali nawo, koma ndi mwana wa sukulu.

Adokotala: Ali ndi foni yokhala ndi wotchi? Mayi akagona phee, osati atangochokera panja, ayang'ane pachifuwa n'kuwerenga kuti chikukwera kangati pa mphindi imodzi yathunthu. Asawauze kuti akuwerenga, munthu akadziwa amasintha kapumidwe. Wamkulu wabwinobwino amapuma ka 12 mpaka ka 20. Zikamapitirira 24 muyambe kukonza ulendo. Zikafika 30 musadikire kuti kuche. Achite zimenezi m'mawa, masana ndi usiku, azilemba kuseri kwa kope.

China, aziwayankhulitsa. Awafunse nkhani yaitali, monga mayina a zidzukulu zonse. Akamadula mawu kuti apume, monga ananenera Anaphiri, ndi chizindikiro. Kusokonezeka mutu, kugona kosadzutsika, kupweteka kapena kulemera pachifuwa, kulephera kumwa, kusataya madzi tsiku lonse, zonsezi ndi zonyamuka nazo pompo. Mabuku amati milomo imachita buluu, koma pakhungu lathu simuona msanga. Yang'anani lilime ndi mkati mwa milomo ngati mwatuwa.

Koma kunena mosabisa, kwa munthu wa zifukwa zinayi amene ali kutali chonchi, ine ndikanakonda akhale pafupi ndi pomwe pali mpweya wa okosijeni tsiku la 7 lisanakwane.

Mlangizi wa Zaumoyo: Ndilowererepo, poti ine ndimagwira kumidzi ya mbali imeneyo. Adokotala atchula matenda, koma kuno chinanso chimapha ndi msewu. Munthu wa BP wa ku M'baluku ndi munthu wa BP wa ku Makanjira si ofanana. Woyambayo akabanika, mphindi khumi wawoloka mlatho wafika. Winayo ayambe wafuna njinga yamoto, akambirane mtengo, abale asonkhe ndalama, wina akagulitse nkhuku, kenako maola pamsewu wa mabampu munthu wobanika atamukhazika pakati pa anthu awiri. Akafika pachipatala chaching'ono mwina makina a mpweya alipo koma magetsi athima, kapena silinda yatha. Ambulansi imodzi yapita ndi mayi woyembekezera. Zikavutitsitsa ku Boma amatumiza ku Zomba. Paliponse pamenepo nthawi ikudyeka. Ndiye ine ndikamalemba anthu oti ndiziwayendera, ndimayang'ana zaka, matenda, ndi mtunda womwe.

Aphunzitsi Opuma: Komatu tisaiwale kuti kumutenga wodwala n'kumubweretsa ku Boma ndi kunyamula matenda. Mai a Shakira ali ndi ana m'nyumba. Akwera chiyani? Minibasi yodzaza anthu? Malangizo akuti wodwala akhale malo amodzi. Ine ndili ndi zaka 71 ndi BP yanga, sindingakondwe kukhala mpando umodzi ndi munthu woti wapezeka nayo.

Mai a Shakira: Aphunzitsi mwanena zoona, ndipo ndi zomwe zikundizunguza mutu. Nyumba yanga ndi ya zipinda ziwiri. Komanso ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri.

Namwino Nabanda: Aaa achemwali, mukananena poyamba! Inuyo muli m'gulu lomwelo. Mayi woyembekezera, makamaka miyezi yomalizayi, korona ikhoza kumudwalitsa kwambiri kuposa mnzake wa msinkhu womwewo, chifukwa mwana wakankhira kale mapapo m'mwamba ndipo thupi likugwira ntchito ya anthu awiri. Imathanso kuchititsa kuti mwana abadwe masiku asanakwane. Inu si woti mukasamale mayi. Pezani wachinyamata wopanda matenda ena, avale chotseka pakamwa ndi pamphuno, mazenera akhale otsegula ngakhale kukuzizira. Ndipo ku sikelo musasiye.

Admin: Nkhani yakula. Alipo amene ali ndi nyumba kapena chipinda chapadera kufupi ndi Boma?

Hajjat wa ku Mpondasi: Kuseri kwanga kuli kanyumba ka anyamata, mwana wanga anapita ku Joni, kangokhala. Kali ndi khomo lakelake ndi chimbudzi chake. Abwere agonemo mayiwo ndi mlongo wanuyo. Chakudya ndizisiya pakhomo. Sindikufuna ndalama, Idi ili pafupi, ndipeze nawo madalitso.

Mai a Shakira: Hajjat, ndilibe mawu. Mulungu akudalitseni.

Aphunzitsi Opuma: Apo ndagonja, bola asakwere minibasi.

Msodzi wa ku Makawa: Bwana wanga ali ndi kagalimoto kotengera nsomba, mawa kapita mbali ya Malindi kopanda katundu. Akhale kumbuyo kwa mpweya, tiwayalira matiresi. Fungo la usipa apirire. Mungothira mafuta.

Lachitatu madzulo

Mjoni: Adokotala, kuno anthu akugula dexamethasone ndi azithromycin kusunga m'nyumba. Nditumize ndalama Mai a Shakira agulire mayi?

Adokotala: Ndalamayo tumizani ya mafuta a galimoto, osati ya dexamethasone. Mankhwala amenewo ndi abwino, kafukufuku wa ku Britain anaonetsa mu June chaka chatha kuti amapulumutsa odwala korona, koma okhawo amene afika pofuna okosijeni. Kwa amene akupuma bwino sathandiza, ndipo akhoza kuwononga. Choopsa kwambiri kwa mayi athuwa n'chakuti amakweza shuga koopsa. Ndalandirapo anthu amene korona inali yochepa, koma chowagoneka chinali shuga wokwera ndi mapiritsi ogula okha. Tikawapatsa ife m'chipatala timakhala tikuyeza shuga pafupipafupi, insulin ili pambali. Azithromycin ndi wa mabakiteriya, korona samuopa.

Namwino Nabanda: Ndiwonjezere za kukhitchini, poti ndi kumene timalakwitsa ndi chikondi. Kwathu kuno wodwala timamugulira Fanta, Sobo, timamupangira thobwa lotsekemera, tiyi wa mandimu timathira uchi ndi shuga kuti amwe bwino. Kwa munthu wa shuga amene akudwala kale, shuga amakwera yekha ngakhale asadye, ndiye mukathirapo zimenezi mukukolezera moto. Apatseni madzi ambiri, phala la mgaiwa losathira shuga, masamba, nsomba. Mankhwala a shuga ndi a BP apitirize. Koma akasiyiratu kudya, kapena akamasanza, musangowamwetsa mapiritsi a shuga m'mimba mopanda kanthu, pamenepo shuga amatha kugwa n'kukomoka. Zikatero bwerani nawo tiwayeze.

Kabaza Original: Nanga kufukiza kuja n'kolakwika?

Namwino Nabanda: Kumatsegula mphuno, munthu amamvako bwino, koma sikufika kumene kuli vuto. Ndipo tamangapo mabala a anthu amene anagwetsa mphika wa madzi owira ali m'bulangeti. Gogo wofooka, wa shuga, bala la moto silipola msanga. Chimene ndimadana nacho kwambiri n'chakuti anthu amafukiza masiku atatu m'malo mobwera.

Aphunzitsi Opuma: Ine ndinabayitsa katemera woyamba mu March, sabata zochepa a Chakwera atabayitsa ku Zomba. Anzanga kumsika ankandiseka kuti ndifa pakatha miyezi iwiri, ena amvekere ndi 666. Mu May boma linachita kuotcha katemera pafupifupi 20,000 atadutsa masiku, anthu akukana. Lero omwe ankandisekawo akundifunsa kuti akabayitse kuti, katemera atatha. Inenso wachiwiri ndikudikira.

Mlangizi wa Zaumoyo: Akangofika wina, okalamba ndi a matenda a mgonagona ndiwo ayambe. Vuto ndi lomwe lija, munthu sadziwa kuti ali ndi BP ndiye sadziwerengera m'gululo. Tsiku lina tinayeza anthu pamsika wina, abambo ambiri ankathawa ngati tabwera kudzatolera msonkho. Amayi amayezedwako ku sikelo, koma bambo amatha zaka 50 lamba wa BP asanamugwire pamkono. Ndipo korona ikupha abambo ambiri kuposa amayi.

Msodzi wa ku Makawa: Mnzanga uja wamva, akuti akayezetsa mwera ukaleka.

Lachinayi madzulo

Mai a Shakira: Afika bwino, ali kwa Hajjat. Ndawaonera patali, pawindo. Akuoneka bwino ndithu, thupi lasiya kutentha, adya phala. Akundikalipira kuti ndawavutitsa ulendo pachabe, nkhuku zawo zatsala zopanda mwini. Mwina ndinachita mantha opitirira.

Anaphiri a ku Monkey Bay: Mwana wanga, werenganso zomwe ndinalemba Lachitatu. Nsima ya chambo ija.

Adokotala: Lero ndi tsiku la 7. Mlongo wanu asasiye kuwerenga. Ndamusiyira Hajjat kachipangizo kanga kopana chala, ndikatenga Lolemba. Chala chikhale chofunda, apukute m'manja kaye chifukwa kukuzizira, ndipo ngati pali kyuteksi achotse, apo ayi kamanama. Adikire nambala ikhazikike. Kuyambira 94 kupita m'mwamba ndi bwino. Pakati pa 90 ndi 93, kwa munthu ngati mayiwa, abwere tiwaone tsiku lomwelo. Pansi pa 90 ndi kuthamanga. Ayezenso akangoyenda kuchokera kuchimbudzi, nthawi zina nambala imagwa munthu akayenda pang'ono pomwe atakhala inali bwino.

Mai a Shakira: Usiku uno 95, kupuma ka 21.

Loweruka, 4 koloko m'mawa

Mai a Shakira: Abale amene ali maso. Dzulo masana inali 93, mayi anakana kupita, amvekere ndili bwino. Panopa mlongo wanga akuti 87, wayeza zala zitatu. Kupuma ka 29. Iwo akuti angotopa, tidikire kuche.

Namwino Nabanda: Musadikire. Nyamukani pano. Buku latsopano lija, mabotolo onse a mankhwala a shuga ndi a BP, ngakhale opanda kanthu, atenge. Pofika pakhomo mawu oyamba anene kuti korona tsiku la 9, shuga, BP, mpweya 87. Podikira galimoto agone chafufumimba kapena cham'mbali, pilo pansi pa chifuwa, osati chagada. Inuyo Mai a Shakira musakwere nawo.

Kabaza Original: Ndili pa siteji ya pamlatho. Panjinga sangathe kukhala, koma mnzanga wa Sienta ali pompano akugona m'galimoto, ndamudzutsa. Hajjat nditumizireni malo ku inbox, ndimutsogolera.

Hajjat wa ku Mpondasi: Ndatumiza. Geti ndatsegula.

Kabaza Original: Tafika nawo. Awalandira, awaika chipaipi m'mphuno. Ndavala chotseka pakamwa, musandifunse.

Lolemba

Admin: Mai a Shakira, gulu likufunsa.

Mai a Shakira: Pepani ndinali chete, foni inali kwa mlongo wanga. Akadali pa mpweya. Shuga anamupeza ali 24, akuwabaya insulin, lero m'mawa watsika kufika 11. Mpweya ukumakhala 92, 93 ali ndi chipaipi, akachotsa kuti adye umatsika. Adokotala a m'wodi akuti tisafulumire kusangalala, tione masiku atatu akubwerawa. Koma dzulo adya phala theka la kapu, ndipo afunsa ngati wina akuzipatsa madzi nkhuku zija.

Mlongo wanga wayamba kutsokomola, amuyeza mawa. Ine ndilibe chizindikiro chilichonse.

Adokotala: Mnyamatayo ali ndi zaka 19 ndipo alibe matenda ena, ndiye sindikuda naye nkhawa kwambiri, koma akhale komweko kwa Hajjat, asabwere kwanu. Hajjat, inu zaka zanu ndi zingati, ndipo BP munayezetsa liti?

Hajjat wa ku Mpondasi: Zaka sitifunsa mzimayi adokotala. BP sindinayezetsepo.

Adokotala: Ndikubwera kudzatenga kachipangizo kanga 5 koloko. Ndibwera ndi lamba wa BP, mundidikire pakhonde.

Mai a Shakira: Wina amene ali ndi fulasiki yosagwiritsa ntchito andibwereke, yanga yasweka ndipo phala likumafika kuwodi litazizira.

Anaphiri a ku Monkey Bay: Ndili nayo ya malemu, yaikulu. Ndipatsira kondakitala wa minibasi yoyamba mawa, mukailandire pa depoti.